Linux 6.12 yatseka mlandu wa zaka 20, koma nkhani ya ma interrupt ikadalipo

Pa 17 Novembala 2024, Linus Torvalds anatulutsa Linux 6.12, ndipo m'kati mwake munali PREEMPT_RT, ntchito yoika malire pa kuchedwa kwa makina, imene inakhala ikudikira pakhomo pa kernel kwa zaka pafupifupi 20. Mu Seputembala chaka chomwecho ku Vienna, Thomas Gleixner wa gulu la PREEMPT_RT anapereka kwa Torvalds pempho lomaliza loti ntchitoyi ilowe, atalisindikiza ndi kulikulunga mu pepala lagolide. Mbali yaikulu ya zaka zonsezo inathera pa funso limodzi: chipangizo chikaitana, purosesa isiye chiyani, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji? Ino ndi nthawi yabwino yowerengera zimene zatheka ndi zimene zatsala.

Interrupt ndi chizindikiro chimene chipangizo, kaya kiyibodi, disiki kapena khadi la netiweki, chimatumiza kwa purosesa chikakhala ndi nkhani. Purosesa imasunga pamene inalekezera, imathamangira ku kachigawo ka kernel kosamalira chipangizocho, kenako n'kubwerera. Pakanapanda njira imeneyi, bwenzi ikungozungulira kufunsa chipangizo chilichonse ngati pali chatsopano. Vuto lake n'lakuti interrupt siyang'ana nkhope. Imadula ntchito iliyonse, ngakhale yofunika kuposa imene yabwera nayo.

Poyamba chosowa chinali mizere ya ma interrupt (IRQ). IBM PC ya 1981 inali ndi Intel 8259A, yolandira mizere 8 basi. PC/AT ya 1984 inalumikiza ziwiri, mizere yogwira ntchito n'kufika 15. Amene anaikapo khadi la mawu m'kompyuta za nthawi imeneyo akukumbukira mmene zipangizo ziwiri zinkalimbirana nambala imodzi ya IRQ. APIC, yolowa m'malo mwa 8259A, itabwera, ma interrupt anayamba kugawidwa kwa mapurosesa angapo. Kenako MSI inachotsa waya weniweniwo: chipangizo chimangolemba uthenga pa adiresi yapadera, ndipo MSI-X imalola chipangizo chimodzi kukhala ndi ma interrupt okwana 2048. Njala ya mizere inatha, m'malo mwake munabwera chigumula cha maitanidwe.

Nzeru yaikulu ya kernel yakhala kugawa ntchito pawiri. Mayi akamavundula nsima, mlendo n'kuti odi, sasiya mthiko kuti amve nkhani yonse. Amayankha, amamulozera pamkeka, nkhani amaimva nsima ikaphulidwa. Chimodzimodzi kernel: gawo loyamba limavomereza kuti lamva, limatontholetsa chipangizo n'kutuluka msanga, ndipo ntchito yolemera imatsalira gawo lachiwiri. Mu Linux, gawo lachiwirili ladutsa m'njira zingapo: softirq, tasklet ndi workqueue.

Kugawa kokha sikunakwanire. Mu 1996, Jeffrey Mogul ndi K. K. Ramakrishnan anafotokoza mmene makina angamirire m'mapaketi a netiweki, nthawi yonse n'kuthera kuyankha ma interrupt popanda paketi yofika kwa mwini wake. Yankho la Linux linali NAPI, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Paketi yoyamba ikafika, kernel imatseka interrupt ya khadilo n'kuyamba kutola yokha mapaketi mulu ndi mulu, ndipo imatsegulanso mzere ukatha. Apa njira yakale yofunsafunsa, imene ma interrupt anabwera kudzachotsa, inabwerera ndi ulemu wake.

Kusintha kozama kunachokera kwa gulu la PREEMPT_RT, limene munali Ingo Molnar, Gleixner ndi Steven Rostedt. Maganizo awo anali akuti ntchito ya interrupt isanduke thread ya kernel, yoima pamzere wa scheduler monga ntchito zina zonse, yopatsidwa malo malinga ndi kufunika kwake. Njirayi inalowa mu Linux 2.6.30 mu 2009, ndipo PREEMPT_RT imaikakamiza pa ma interrupt ambiri. Motero pulogalamu yoyendetsa mkono wa loboti m'fakitale siidulidwanso kwa nthawi yaitali ndi disiki imene yangomaliza kulemba. Makina sathamanga kwambiri chifukwa cha zimenezi, mwinanso amatsikako pang'ono. Chimene chapezeka ndi malire odziwika a kuchedwa, ndipo kwa opanga makina a m'mafakitale, zojambulira nyimbo ndi zipangizo za matelefoni, malire amenewo ndi amene amagulidwa.

N'chifukwa chiyani zinatenga zaka 20? China n'chakuti ntchitoyo inakhudza pafupifupi ngodya iliyonse ya kernel. Chopinga chomaliza chinali printk, yolemba mauthenga a kernel, imene iyenera kugwira ntchito paliponse, ngakhale makina akugwa, koma osagwira mwendo ntchito zachangu. China, chimene sitiyenera kuchibisa, ndi ndalama. Makampani ankagwiritsa ntchito PREEMPT_RT m'katundu wawo pamene anthu oisamalira anali ochepa ndiponso osowa thandizo, mpaka Linux Foundation inakhazikitsa ntchito yosonkhanitsa thandizolo mu 2015.

Kutsogoloku tikuona ntchito zitatu. Yoyamba ndi kusesa. Tasklet inaweruzidwa kale kuti ichoke, ndipo Linux 6.9 inabweretsa BH workqueue yoti ilowe m'malo mwake, koma ma driver ogwiritsa ntchito tasklet ayenera kusinthidwa mmodzimmodzi. Driver mmodzi wotseka ma interrupt kwa nthawi yaitali amawononga lonjezo la makina onse. Yachiwiri ili pansi pa kernel. Pa x86, firmware ikhoza kulanda purosesa kudzera mu interrupt yapadera ya SMI, kernel osadziwa, ndipo palibe scheduler imene ingabweze nthawi yotayikayo. Intel yakonza FRED, njira yatsopano yolowera ndi kutulukira mu kernel, ndipo Linux inayamba kuilandira mu 6.9, koma imeneyo siyankha funso la firmware. Yachitatu ndi kusankha pakati pa kuitanidwa ndi kufunsa. Madisiki a NVMe amayankha mwachangu moti nthawi zina mtengo wa interrupt umaonekera, n'chifukwa chake io_uring, imene inalowa mu 5.1 mu 2019, imalola kufunsa mwachindunji. Komabe purosesa yofunsafunsa sigona, ndipo pa foni kapena laputopu batire ndiye amalipira.

Maganizo athu ndi awa. Kulowa kwa PREEMPT_RT kwachotsa chowiringula. Wogulitsa makina odalira nthawi ayeze kuchedwa koipitsitsa ndi chida monga cyclictest, makina atasenza katundu wolemera, osati kunyadira chiwerengero chapakati. Akapeza driver wolakwa, akonze mu kernel ya onse, osati m'kope lake lobisa. Ndipo makampani amene akudya zipatso za zaka 20 zimenezi alipire anthu osamalira ntchitoyi tsopano, isanayambenso kupemphetsa.