Wosauka ndiye afunika kudziwa zimene chotupa chikunena

Pali maganizo amene amamveka kawirikawiri pakati pa anthu ophunzira, akuti njira zatsopano zoyezera khansa ya m'matumbo aakulu n'za mayiko olemera, ndi kuti ife a ku Lulimile ndi madera ena a Lichinga, amene chuma chathu chili m'nyemba, chimanga ndi mbatata ya kachewere, tiyambe takhuta tisanazilakelake. Koma ine ndikana maganizo amenewa ndi mtima wanga wonse, pakuti munthu amene alibe ndalama zotaya ndiye afunika koposa onse kudziwa, asanagulitse mbuzi ndi njinga, ngati mankhwala amene akuwafunafuna adzamupindulira.

Nthenda imeneyi si yaing'ono: m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 1.9 miliyoni anapezeka nayo pa dziko lonse lapansi, ndipo oposa 900,000 anatsikira nayo kulichete. Chakudza sichiimba ng'oma. Imayamba ndi timagazi m'chimbudzi, kudzimbidwa kosinthana ndi kutsekula m'mimba, kuonda ndi kuchepa magazi. Ndipo popeza kuno kamwazi, likodzo la m'matumbo ndi nthenda ya mudzi nazonso zimatulutsa magazi, munthu akhoza kumwa mankhwala a nthenda zimenezi miyezi yambiri, chotupa chili kukula mwakachetechete.

Tsono chotupacho chikapezeka, sichikhala chosalankhula. M'chaka cha 1965, ku Montreal, Phil Gold ndi Samuel Freedman anapeza chinthu chotchedwa CEA, chimene zotupa zambiri za m'matumbo zimathira m'magazi. Sichithandiza kufufuzira anthu a bwinobwino, pakuti ngakhale wosuta fodya chimamukwerera. Koma kwa wodwala ndi mboni yofunika, chifukwa chikakhala chokwera opaleshoni isanachitike chichenjeza kuti nthenda ingakhale yovuta, chotupa chikachotsedwa chonse chiyenera kutsika m'masabata owerengeka, ndipo chikayambanso kukwera dokotala adziwa kuti afufuze msanga, makamaka m'chiwindi, wodwalayo asanamve n'kupweteka komwe. Chofunika ndi magazi pang'ono a pamkono basi.

Zozama koposa zili m'mnofu wa chotupa. Pa odwala khumi aliwonse, pafupifupi anayi ali ndi chotupa chimene jini yake ya KRAS inasintha, ndipo kwa iwo mankhwala okwera mtengo monga cetuximab ndi panitumumab n'ngachabe. Taganizirani banja limene lasonkherana, lakongola, latuma mwana wa ku Joni kuti atumize zonse anasunga, kugulira mankhwala amene kuyeza kumodzi kukanaonetsa kuti sadzagwira ntchito! Palinso zotupa zina, pafupifupi 15 pa 100 zilizonse, zimene zili ndi chizindikiro chotchedwa MSI. Zimenezi zikapezeka msanga nthawi zambiri wodwala amachira bwino, ndipo zikafalikira zimagonja kwambiri ku mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi monga pembrolizumab. Chizindikiro chomwechi nthawi zina chiloza ku nthenda ya kumtundu yotchedwa ndi dzina la Henry Lynch, imene kholo lipatsira mwana. Ndipo pamenepo nkhani yachoka m'manja mwa wodwala yekha, yafika kwa mwinimbumba, amene ayenera kuitana abale ndi alongo kuti akayezedwe adakali ndi mphamvu. Ku Australia, m'chaka cha 2022, kafukufuku wa DYNAMIC anaonetsa kuti poyeza tizidutswa ta chotupa totsalira m'magazi, odwala opatsidwa kemotherapi atachitidwa opaleshoni anatsika kuchoka pa 28 kufika pa 15 mwa 100, nthenda osabwerera mochuluka kuposa kale. Ngati a ku Australia aona phindu populumutsa odwala ku mankhwala osafunika, nanga ife amene ulendo uliwonse wa kuchipatala chachikulu udya zokolola za chaka?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Akatswiri oyeza minofu m'dziko la Mozambique ndi ochepa, ndipo ambiri ali ku zipatala zazikulu za Maputo, Beira ndi Nampula. Makina ootchera khansa anatsegulidwa ku Hospital Central de Maputo m'chaka cha 2019, kutalitali ndi mapiri athu ozizirawa. Sindipempha kuti zonsezi zimangidwe ku Lichinga mawa. Ndipempha akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Niassa kuti kabotolo ka mnofu womizidwa mu formalin, kolembedwa bwino dzina ndi tsiku, kakhale ndi njira yake yodziwika ya ku Nampula kudzera ku Cuamba, ndi tsiku loikika limene yankho liyenera kubwerera. Kuti kuyeza CEA kupezeke nthawi zonse kwa amene anachitidwa opaleshoni. Ndi kuti kuyeza MSI, kumene kungachitike ndi utoto wapadera ndi maikulosikopu, kukhale mwambo pa chotupa chilichonse cha m'matumbo.

Ndipo inu amene mukudwazika, musachite manyazi kufunsa adokotala, mwaulemu wonse, kuti chotupa chimene anachotsacho achitumiza kuti, yankho lake libwera liti, ndi kuti ana a wodwalayo ayenera kuyezedwa kapena ayi.