Musaniuze Kuti Zonse Zili pa Foni

Pa Chiwelu chapita ninayenda mu Town na msuweni wanga wa ku Chelstone kukasakila DVD rekoda. Kwaya ya ku chalichi kwa amai ake idzaonekela pa TV mwezi wa mawa, ndiye amai anamutuma kuti apeze makina ojambulila. Tinayambila mu Cairo Road, tinaloba mu Chachacha, tinafika mu Freedom Way, tinabwelela kuwoloka njanji mpaka ku Kamwala. Kulikonse anyamata ogulitsa anali kutiseka. Wina anati, "Ba boss, DVD masiku yano? Zonse zili pa foni." Wina sanaseke. Anatulutsa makina ya salaula yopanda rimoti, nakutilumbilila kuti ikoka machanelo yonse payokha, chabe tifake waya wa eliyo. Linali bodza, ndipo iye anali kudziwa kuti ni bodza.

Nakwiya na onse awili, woseka na wonama. Niyambe na woseka, chifukwa ambili a inu amene muwelenga izi muli kumbali yake.

Nasebenza pa wailesi ya m'dela kwa zaka zingapo manje, popanda malipilo. Nchito imene imanivuta maningi ni kuyankha anthu amene amabwela pa geti kudzapempha mau ya munthu amene anamwalila. Chaka chatha kunabwela amai ena. Amuna awo anakambapo pa pulogilamu yathu ya zaumoyo, mphindi khumi chabe, ndipo ana anali kufuna kumvela mau ya atate awo pa chikumbutso. Ninasakila mu kompyuta yonse. Kulibe. Tinafafaniza kale kuti tipeze malo ofakapo nyimbo zatsopano. Ninachita kuwauza amai aja pamaso pawo, ndipo sanakalipe, anangoti "zikomo mwana wanga" nakubwelela. Ngati ife amene nchito yathu ni mau timataya mau, muganiza kuti ndani akusungilani nkhope ya ambuya anu imene inaonekela kamodzi pa nkhani za 19 hours?

Mukuti zonse zili pa foni. Chabwino, tengani foni yanu musakile nkhani za ZNBC za tsiku limene munabadwa. Sakilani gawo la Kabanana limene munatamba pa windo la aneba muli ana. Dennis Liwewe anaulutsa mpila kwa zaka makumi mpaka anamwalila mu April 2014, koma zimene mupeza pa foni ni tuzidutswa. Ndipo muyang'anitsitse tuzidutswa twakale tumene mumatumizilana pa WhatsApp: mizele ya tepi ioneka, chithunzi chinjenjemela. Ichi chitanthauza kuti kunali munthu wina, mwina mu mafulati ya ku Kabwata, amene anadina batani pa VCR yake anzake akumuseka. Zimene mumanyadila kuti zili pa foni zinafika pamenepo chifukwa wina anajambula kunyumba kwake.

Komanso sitesheni siikhala mpaka kale-kale. Mu August 2016 a IBA anaimitsa malaisensi ya Muvi TV, Komboni Radio na Radio Itezhi Tezhi. Mu April 2020 anafafaniza laisensi ya Prime TV, ndipo inabwelela pa mphepo mu August 2021. Sinikamba za ndale pano, nikamba za batani. Chanelo ingazime tsiku limodzi. Peji ya pa Facebook ingatsekedwe, amene ali na pasiwedi angasiye nchito, vidiyo ingachotsedwe. Ngakhale ikhalepo, tsiku lililonse limene mufuna kuitamba mugula bando. Chinthu chimene mulipila nthawi zonse kuti muchione si chanu. Mwachita lendi chabe.

Anzanga a ku Woodlands na ku Kabulonga adzati iwo nkhaniyi siiwakhudza, ali na Explora. Zoona, dekoda ya PVR ni yabwino ngati mufuna kutamba Mpali imene inakupitani muli pa nchito. Chithunzi ni choyela, simuvutika na mawaya. Koma zimene yajambula zimakhala zokhomedwa mkati mwa bokosi lija. Simungazikopele pa fulashi kuti mutumize kwa asisi anu ku Chipata, kujambula kwake mulipila mwezi na mwezi, ndipo tsiku limene hadi disiki ya mkati idzafa, zonse zidzapita nayo. PVR inapangidwa kuti mutambe mawa zimene zinaonetsedwa lelo. Siinapangidwe kuti mwana wanu adzatambe akakula. Ndipo tikambe chilungamo: banja la ku Kabulonga likakhala na ukwati kapena graduation limalemba munthu wa kamela. Amai a ku Chelstone amene aimba alto mu kwaya adzaonekela pa TV mwina kamodzi chabe moyo wawo wonse. Ndiwo amene afunika makina amenewa, ndipo ndiwo amene mukuwaseka.

Manje nibwele kwa wonama uja, chifukwa kufuna kujambula sikutanthauza kugula chilichonse cholembedwa DVD.

Mvetsani chimene chinasintha. Maiko anagwilizana kuti pofika 17 June 2015 TV ichoke ku analogi kupita ku dijito. Zambia inasankha DVB-T2, kunabwela TopStar, kampani ya ZNBC pamodzi na StarTimes ya ku China, ndipo mu 2017 siginolo yakale inazimitsidwa m'mbali mwa njanji, kuphatikizapo kuno ku Lusaka. Ma DVD rekoda ambili amene ali mu Town anapangidwa kusintha kumeneku kusanachitike. Chokokela machanelo cha mkati mwake chimamvela siginolo imene kulibenso. Ngakhale aja ochokela ku UK olembedwa Freeview, ambili ni DVB-T yakale, osati T2. Choncho munthu akakuuzani kuti faka chabe eliyo, akuberani masana.

Makina amenewa masiku yano asebenza njila imodzi chabe: kupyolela mu dekoda yanu. Ndiye chinthu choyamba, tembenuzani makina muone kumbuyo. Sakilani pamene palembedwa AV IN kapena LINE IN, tumabowo tutatu, kayelo, koyela na kofiila. Ngati ni ya ku Ulaya ingakhale na SCART, ija soketi ikulu yamakona, ndipo ifuna adaputa yolowetsela. Musanyengedwe na HDMI. Pa ma rekoda amenewa HDMI ni yotulutsila chithunzi kupita ku TV, siilandila kanthu. Musananyamuke kunyumba, onani ngati dekoda yanu ili na potulutsila AV. Ngati ilibe, sungani ndalama zanu.

Chachiwili, welengani kapepala ka malaiti kumbuyo. Kuno tisebenzesa 230 volts. Makina ya ku Japan yafuna 100, ya ku America 120, ndipo mukaifaka pa khoma mwachindunji mudzamva kununkha. Onaninso kuti ijambula PAL, chifukwa ya ku America na ku Japan ni NTSC.

Chachitatu ni cha ife amene tidziwa load shedding ya 2015, ya 2019 na ija ya 2024 pamene madzi a mu Kariba anachepa kwambili mpaka tinali kuona malaiti maola ochepa pa tsiku. Rekoda imene ilemba mwachindunji pa disiki, malaiti yakayenda pakati, nthawi zambili disiki yonse yaonongeka. Sakilani ili na hadi disiki mkati, yolembedwa HDD. Mujambula poyamba pa HDD, mudula zotsatsa malonda, ndiye muwotcha pa DVD panthawi imene mwatsimikiza kuti malaiti yalipo. Ngati muli na ka inveta, fakani dekoda na rekoda pamenepo.

Chachinayi, rimoti. Wogulitsa adzati mudzagula ya universal. Kanani. Disiki ya DVD-R mukasiliza kujambula ifunika kuitseka, chimene pa menyu chalembedwa Finalize, apo ayi siidzasewela pa makina ena alionse. Menyu imeneyo nthawi zambili simungaifike popanda rimoti yake-yake. Naona anthu ali na mulu wa madisiki amene atsegula pa makina amodzi chabe, ndipo makinawo anafa.

Chachisanu, yesani musanalipile. Nyamulani disiki yanu yopanda kanthu. Mu shopu mwamene, jambulani mphindi zisanu, tsekani disiki, muisewele pa player ina. Chimene chimayamba kufa mu makina ya salaula ni diso la laser, ndipo kambili limaleka kulemba likali kuwelenga bwino. Ndiye chifukwa wogulitsa amathamangila kukufakilani filimu kuti muone kuti isebenza. Kusewela filimu si umboni. Akakana kuti muyese kulemba, tulukani. Ife tinatuluka m'mashopu yatatu.

Mukafika nayo kunyumba, dziwani kuti disiki imodzi ni 4.7 GB, ndipo pa SP, pamene chithunzi chikali bwino, ilowa maola awili. Mpila wa mphindi 90 ukwana ngati mwadula halftime. Koma kumbukilani 12 February 2012 ku Libreville: mphindi 120 popanda chigoli, ndiye mapenati mpaka 8-7. Amene anafaka disiki pa SP nakukhala pansi, inasila Stoppila Sunzu asanamenye mpila uja. Pa zinthu zotele jambulani pa HDD. Kumbukilaninso kuti taima ya rekoda siingasinthe chanelo pa dekoda. Mukachoka panyumba, siyani dekoda yoyaka pa chanelo imene mufuna, ndipo muchenjeze ana kuti asagwile rimoti.

Nidziwa zimene mudzaniyankha, ndipo zina muli na zoona. Chithunzi chopita mu waya wa yelo si HD, pa TV ikulu chioneka chofewa. Madisiki opanda kanthu ayamba kusowa, makampani ambili analeka kupanga makina amenewa, ndipo DVD nayo imafa: ikakhala pa dzuwa kapena ikakalika, yapita. Sinikuti DVD ni yamuyaya. Nikuti ni chinthu chimene mungagwile m'manja, mungakope, mungapatse munthu popanda kupempha chilolezo kwa kampani iliyonse. Wotchani madisiki awili, imodzi ikhale kwa achibale ku komboni ina. Lembani deti na dzina la pulogilamu na maka pamwamba. Mukapeza laptop ili na polowetsa disiki, kopelani pa fulashi, ndipo pamenepo mungafake na pa foni imene muikonda. Ngati dekoda yanu ili na USB yojambulila, yesani ngati fayilo itsegula pa laptop. Ikatsegula, mwapeza njila yochipa kuposa yanga, ndipo sinidzakangana na inu. Nkhondo yanga ni yakuti mukhale na kope yanu.

Ena adzati uku ni kulimbikitsa piracy. Iyayi. Kujambula kwaya ya amai anu kuti isungike m'nyumba ni nkhani ina, kuwotcha madisiki makumi asanu ya sewelo la anthu nakuyagulitsa pa City Market ni nkhani inanso. Uko ni kuba, ndipo amene mukuwabela ni osewela na oimba a kuno kwathu amene akwela minibasi imodzi na inu. Ine nimaona oimba akubwela ku wailesi na nyimbo imene anagulitsila foni kuti alipile studio. Musagwilitse nchito mau yanga kuwadyela masuku pamutu.

Chimene chimanipweteka ni chakuti ise achinyamata a mu Lusaka tijambula kwambili kuposa mbadwo uliwonse, koma tisunga zochepa. Foni ikagwa mu dreni nthawi ya mvula, kapena akaikwatula pa windo la basi pa Kulima Tower, zaka zitatu za moyo wanu zapita. Atate athu anali na ka alubamu kamodzi na matepi asanu mu kabati, ndipo mpaka lelo tikali kuyaona. Malilo ya Kenneth Kaunda mu 2021 tinatamba tonse. Ni angati a ife amene ali nayo yonse, kuti mwana akadzafunsa mu 2040 tidzamufakile?

Msuweni wanga anapeza makina pa shopu yachinayi, ya HDD, ya 230 volts, na rimoti yake yomangidwa na selotepu. Mdala wogulitsa anatilola kuyesa, ndipo disiki inasewela pa player ina. Pa Sondo tinayesa kunyumba ku Chelstone na nkhani za madzulo, zinagwila. Amai ake agula kale madisiki atatu: imodzi yawo, imodzi ya abusa, imodzi ya kumudzi ku Katete. Ku wailesi nako nawauza anzanga kuti pulogilamu iliyonse imene muli mau ya munthu wa m'dela tiziikopela pambali tisanafafanize. Sinifuna kukaimanso pa geti paja kuuza amai ena kuti kulibe.