Musamuzule mwanayo, watsala chaka chimodzi chokha

Lero sindilemba za mtengo wa fetereza ayi, ngakhale nkhaniyo ikundiwawabe. Ndili ndi nkhani ya pabanja, ndipo ndaibweretsa pano chifukwa pa gulu lathu la WhatsApp mawu anga akumangomira. Ndikalemba mzere umodzi, a m'tauni aponya mavidiyo khumi, ine n'kutha bandulo.

Ambiri mukuwadziwa achemwali anga amene ali ku Indiana, ku America. Mnyamata wawo, muphwa wanga, anabadwira komweko, ndipo ali ku koleji pa sikolashipu ya mpira. Si mpira wathu wa miyendowu ayi. Ndi wawo uja wotalika ngati papaya, wovala zipewa zolimba, wogundana ngati nkhosa zamphongo. Malo ake amawatchula kuti quarterback. Ameneyo ndiye amalandira mpira, n'kuona koponya, ndipo timu yonse imayendera mutu wake. Vuto ndi lakuti m'bwalo mumalowa quarterback mmodzi yekha. Ena onse amakhala pa benchi kudikira kuti mnzawo avulale kapena abalalike. Muphwa wanga ndi wachiwiri pa mzere, ndipo watopa kudikira. Akufuna mu Januwale alembetse dzina pa chimene amachitcha transfer portal, kumene osewera ofuna kusamuka amadzionetsa kuti masukulu ena awatole. Pomwe digiri yake ya zowerengera ndalama yatsala chaka chimodzi chokha, amalize Disembala wa chaka chamawa.

Inu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre mukuti apite. Mwanena kuti malume ake ndi munthu wa sitandade 7, za ku America angazidziwire kuti. Chabwino. Sitandade 7 yomweyo ndakhala nayo pansi masabata atatu usiku, mwana wanga wamkazi mphunzitsi uja akundiwerengera Chingerezi ndi kundimasulira, mpaka batire ya sola kuzima. Mayina amene mukuponya pa gulu aja ndawafufuza limodzilimodzi. Ndiye tiyeni tikambirane.

Mukuti Jalen Hurts anasamuka ndipo lero ndi mfumu. Zoona, anasamuka. Koma mwangoonetsa kumapeto kwa nkhani, ngati munthu woonetsa nkhokwe osanena za khasu. Mnyamata ameneyu anali ku Alabama, ndipo pa masewero 28 amene anayamba anapambana 26. Tsiku la ndime yomaliza ya dziko lonse, mu Januwale 2018, timu yake inatsalira 13 kwa 0 ndi Georgia pofika nthawi yopumulira. Kochi Nick Saban anamutulutsa pamaso pa dziko lonse n'kulowetsa mwana wa chaka choyamba, Tua Tagovailoa, ndipo mwanayo anakapambanitsa timu. Tangoganizani manyazi ake. Aliyense ankati Hurts alongedza mawa lomwe. Sanalongedze. Anakhala chaka chonse cha 2018 pa benchi, akuonerera mnzake akuwala, uku akulowa m'kalasi. Mu Disembala Tua atavulala pa masewero ena akulu ndi Georgia yomweyo, Hurts analowa n'kuwombola timu. Mwezi womwewo analandira digiri yake. Atatha pamenepo ndi pomwe anapita ku Oklahoma mu 2019. Philadelphia Eagles inamutenga mu 2020, anabwereranso kukatenga digiri yachiwiri ku Oklahoma mu 2023 ali kale ndi ndalama zoti sangazimalize, ndipo mu Febuluwale 2025 anapambana Super Bowl. Ndiye mukamati muphwa wanga achite ngati Hurts, ine ndikuvomera ndi manja awiri. Achite ngati Hurts, akhale pa benchi chaka chimodzi, atenge pepala, kenako azipita.

Joe Burrow nayenso chimodzimodzi. Zaka zitatu ku Ohio State osapatsidwa malo, koma pochoka mu 2018 kupita ku LSU anachoka digiri ili m'thumba, ataimaliza m'zaka zitatu zokha. Russell Wilson pochoka ku NC State kupita ku Wisconsin mu 2011, digiri inali m'thumba. Ndipo chinalipo chowakakamiza. Masiku amenewo lamulo linali lakuti ukasamuka usanamalize sukulu, ukhala chaka chathunthu osasewera, koma ukamaliza digiri ukafika n'kusewera pompo. Lamulolo linkawakankhira anyamata m'kalasi. Linafewetsedwa mu 2021, ndipo mu 2024 anatsegula chitseko chonse, munthu azisamuka kangati kangati bola sukulu ikuyenda. Mu 2021 momwemo analolanso kuti osewera a m'makoleji azilandira ndalama pa dzina lawo. Ndiye anyamata amene mukuwatchulawo anakula pa malamulo ena, muphwa wanga akukula pa msika.

Pano tili pa nthawi yowokera fodya, ndiye anzanga a kumudzi mundimva msanga. Mbande timaizula pa nazale ikakhwima, phesi litalimba, ndipo timaiwokera kamodzi. Ukaizula yanthete imafota. Ukaiwokera lero apa, sabata yamawa waona kuti mzere winawo uli ndi chinyezi waizulanso, sudzathyolako tsamba. Kusamuka sindikukana. Ndikukana kuzula nthawi isanakwane.

Tsono mverani mayina amene simukuwaponya pa gulu. JT Daniels anali mmodzi mwa anyamata otamandidwa kwambiri potuluka ku sekondale. Anayamba ku USC, anapita ku Georgia, anapita ku West Virginia, anakathera ku Rice. Masukulu anayi. Mu Disembala 2023 analengeza kuti wasiya mpira, madokotala atamulangiza chifukwa chogundidwa mutu kangapo. Ku NFL sanapondeko. Jaden Rashada, nyuzipepala zinalemba kuti analonjezedwa madola opitirira 13 miliyoni kuti apite ku Florida. Pangano linagwa asanasewere n'kamodzi komwe, nkhani inakafika ku khoti, iye n'kuyamba kuyendayenda, Arizona State, Georgia, Sacramento State. Nico Iamaleava anachoka ku Tennessee mu Epulo 2025 atasemphana pa nkhani ya ndalama, timu imene anali atangoifikitsa m'masewero akuluakulu a kumapeto kwa chaka. Anapita ku UCLA, kumene anayamba ndi kugonja masewero anayi otsatizana, kochi n'kuchotsedwa ntchito atangosewera atatu.

Koma amene anandikhudza kwambiri ndi Matthew Sluka wa ku UNLV. Mu Seputembala 2024 anapambana masewero atatu oyamba, kenako anangosiya timu. Womuimira anati mnyamatayo analonjezedwa madola 100,000 pakamwa, ndipo sanapatsidwe. A mbali ya sukulu anati pangano lenileni panalibe. Nditamva zimenezi ndinaseka ndekha mumdima, mayi a kunyumba n'kufunsa ngati ndayamba misala. Ndinakumbukira venda uja anabwera pano chaka chija soya ali m'munda, n'kutiuza mtengo wokoma pansi pa mtengo wa mango, tonse n'kukana ogula ena. Tsiku la sikelo anati msika wasintha. Tinalibe pepala. Ndinagulitsa matumba asanu ndi anayi pa mtengo wa misozi. Kani ku America nakonso kuli mavenda, angosiyana ndi athu poti amavala suti. Ndipo muphwa wanga nditamufunsa kuti kodi sukulu imene ikukunyengererayo yalemba chiyani, anati malume, anthu angondiuza kuti malo alipo. Angomuuza.

Pali zinthu ziwiri zimene inu a mavidiyo simukuzinena, kaya simukuzidziwa kaya mukuzibisa. Choyamba, mwana akangolembetsa dzina pa portal paja, sukulu yake ili ndi ufulu womulanda sikolashipu teremu ikatha, ndipo si onse olembetsa amene amapeza kolowera. Ena amatsala panja, uku atataya, uko osatoledwa. Chachiwiri, maphunziro amene wakhoza kale sukulu yatsopano siwalandira onse. Ofesi ina ya boma la America yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama inatulutsa lipoti mu 2017 lonena kuti ophunzira osamuka koleji ankataya pafupifupi magawo 43 pa 100 alionse a zimene anakhoza kale. Ndiye chaka chimodzi chatsalachi chikhoza kusanduka ziwiri, kapena amuuze kuti kuno zowerengera ndalama sizikugwirizana ndi nthawi ya mpira, tenga kosi ina yopepuka. Achemwali anga agwira ntchito ya usiku zaka makumi awiri, kusambitsa ndi kutembenuza nkhalamba za eni ake, msana unapindika. Sikolashipu ikagwa, fizi ya ku America adzalipira ndani? Inu a ku Area 25?

Sindikufuna kunama kuti mnyamatayo alibe mfundo. Ali nazo, ndipo zina zinanditseka pakamwa. Anati malume, nthawi yanga yosewera ku koleji ndi yowerengeka, nyengo zinayi m'zaka zisanu, ndipo a NFL sangatenge munthu amene sanamuone akusewera. Zoona. Anatinso, bwanji mukufuna ine ndikhale wokhulupirika pomwe makochi amathawa usiku? Apa ndiye anandigwira. Ku Indiana komweko, Brian Kelly anasiya Notre Dame mu Novembala 2021 nyengo isanathe n'komwe, kutsatira madola 95 miliyoni a zaka khumi ku LSU, anyamata amene anawalonjeza kumwamba ndi pansi n'kutsala kukamwa yasa. Ndiye za kukhulupirika kwa kochi kapena kwa sukulu ine sindilalikira. Sukuluzo zimadyera pa misana ya ana amenewa, mabwalo odzaza anthu oposa 100,000, ma TV kulipira mabiliyoni. Mwana akapeza polandira, alandire. Ine ndikuti akhale wokhulupirika kwa pepala lake basi, chifukwa ndi chinthu chokhacho pamenepo chimene chidzalembedwe dzina lake mpaka kufa. Ndipo poti chaka chake choyamba sanasewere, akamaliza digiri adzakhalabe ndi nyengo imodzi yokasewera kwina. Khomo silikutsekeka. Likungochedwa.

Tiwerengenso masamu a sitandade 7. NFL ili ndi matimu 32. Chaka chilichonse amasankha anyamata 250 ndi kanthu, malo onse pamodzi, ndipo ma quarterback pamenepo amangopitirira khumi pang'ono. Bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, NCAA, limanena lokha kuti mwa osewera 100 osakwana awiri ndi amene amafika ku NFL. Ofikawonso ambiri amatha zaka zitatu zokha basi. Muphwa wanga ndimamukonda, ndinamunyamula pamene anabwera kudzaona agogo ake ali ndi zaka zinayi, akuthawa nkhuku. Koma ndi wachiwiri pa sukulu imene ngakhale inu simunaimvepo. Munthu sugulitsa ng'ombe yokoka ngolo kuti ugule matikiti a lotale. Ndikudziwa mudzati ndikumufooketsa. Wina analemba kale pa gulu kuti anthu a kumudzi timaopa kulota. Iwe mphwanga amene unalemba zimenezo, fizi yako ya fomu 3 inachokera m'fodya wa munthu woopa kulotayu, ndipo tsiku limene unkafuna kusiya sukulu kuti ukakhale kondakitala wa minibasi, amene anakubweza pa depoti ndi ndani? Lero uli mu ofesi ya mphepo yozizira ukulangiza mwana wa eni ake kuti adumphe.

Pali mnyamata wina dzina lake Cardale Jones. Mu 2012 ali ku Ohio State analemba pa Twitter zonyoza makalasi, kuti iwo anabwerera mpira osati sukulu. Anali wachitatu pa mzere. Awiri a patsogolo pake atavulala, iye ndi amene anapambanitsa timu chikho cha dziko lonse mu Januwale 2015. Mwayi woposa pamenepo kulibe. Buffalo Bills inamutenga mu 2016, ndipo mu NFL analowa m'bwalo pa masewero amodzi okha. Mu 2017 anabwerera ku Ohio State komwe ankanyoza kuja, n'kukavala gauni ya digiri. Amene anagwira chikho m'manja anaona kuti pepala likufunikabe, nanga wathuyu amene chikho amangochiona pa TV?

Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, ngakhale abadwire kutsidya kwa nyanja. Bambo ake anandiimbira okha kuti alamu, lankhulani naye, ife watitopetsa. Sindingamumange miyendo, ndi munthu wamkulu wa zaka 21, ndipo dzina pa portal adzalemba ndi chala chake. Koma ndamupempha zinthu ziwiri asanatero. Apite ku ofesi ya sukulu imene ikumufunayo, amulembere pa pepala maphunziro angati amene adzawalandire ndi tsiku limene adzamalize digiri. Ndipo malo ndi ndalama zimene akumulonjezazo zikhale pa pepala losainidwa, amayi ake aliwerenge. Zikabwera ziwirizi, ine ndidzakhala chete pa gulu. Wati andiyankha Lamlungu.

Ndiye Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi mukandiona ndaima pa chulu cha kuseri kwa chigayo foni ili m'mwamba, musandiitane ku bawo, netiweki ya ku America imagwira pamenepo pokha. Ndipo inu a m'tauni, mavidiyo aja mubayamba mwaleka mpaka Lolemba, mwanayo aganize ndi mutu wake. Amene muli ndi mbande zotsala za fodya mundiuze, mizere yanga itatu ya kumunsi yakokoloka ndi mvula ya dzana.