ZA MALALANJE OSABALA, NDI TSINDE LIMENE AIMAPO



Alipo ambiri mwa inu amene anagula lalanje lokoma pa msika wa Jali, nabzala njere zache kuseri kwa nyumba. Tsono mtengo wapitirira denga, minga yache njaitali, koma zapita zaka 6 kapena 7 osaoneka duwa ndi limodzi lomwe. Ena alikufunsa za mankhwala a m'botolo opopera kuti mtengo uchite maluwa. Ine nditi, ndalamazo musataye.

Mtengo womera ku njere uyenera kutha ubwana wache usanabale, ndipo ubwana wa lalanje ngwautali. Koma mukatenga diso pa nthambi ya mtengo wobala kale, ndi kulimezanitsa pa kamtengo kena, disolo lidza ndi ukulu wa make. Pa chaka chachitatu kapena chachinai mudzathyola zipatso zonga za mtengo umene linachokako.

Kodi tsinde lolandira disolo likhale lotani? Kuno tikhulupirira ndimu wa khungu lokhakhala. Mizu yache ipita pansi, ipirira chilala, nibalitsa msanga ndi kwambiri. Sindibisa chirema chache: malalanje ache akhala ochindikala khungu ndi osatsekemera kwenikweni. Adananso ndi madzi oima. Pa makande a ku dambo tsinde lichucha utomoni, niliwola. Chifukwa chache bzalani pamtunda, pa mthumbira, ndipo pomezanitsapo pakhale pamwamba, posafika dothi. Inu a ku Kachulu ndi ena a m'mbali mwa Chilwa, kumene zitsime zina ziri za mchere, funsani mlangizi za nachesi wotchedwa Cleopatra, amene apirira mchere ngakhale achedwa kubala. Koma tsinde la lalanje lowawasa mulikane. Nthenda ya tristeza, yonyamulidwa ndi nsabwe za pa mphukira, inapha mitengo mamiliyoni yoima pa tsinde limeneli ku Argentina ndi ku Brazil m'zaka za 1930 ndi 1940.

Tsono za mankhwala aja. M'kati mwa chomera chiri chonse muli timadzi tolamulira kakulidwe kache, timene ophunzira atitcha mahomoni. Inu olima mpunga ku Likangala kapena munaonapo mbande zina zotalika koposa zinzache, zoonda ndi zoyezuka, zosapindula kanthu. M'chaka cha 1926 Eiichi Kurosawa wa ku Japan anapeza kuti chitalikitsa mbandezo ndi madzi otuluka m'chuku chozigwira. Madziwo anatchedwa gibberellin, ndipo pambuyo pache kunadziwika kuti zomera ziwapanganso zokha. Taonani, m'lalanje madzi amenewa aletsa maluwa! Eni minda yaikuru awapopera kuti tizipatso tating'ono tisayoyoke. Koma wowapopera maluwa asanatuluke, angowachepetsa.

Zipatso zochuluka zokhalitsa mumtengo ziletsanso maluwa a nyengo yotsatira, ndipo mahomoni omwewa ali nawo m'mlanduwo. Ndicho chifukwa mtengo wosenza kwambiri chaka chino, chaka cha mawa ukhala wopanda kanthu, makamaka nachesi. Ukalemedwa, patulirani tizipatso tina tikali tating'ono, ndipo zakupsa musazisiye mumtengo kudikira kuti zikwere mtengo pa msika. Ndidziwa kuti mau awa ngowawa. Ine ndemwe dzanja lindilemera pothothola chipatso chosakhwima.

Chimene chiitana maluwa muli nacho kale kwaulere: kuzizira kwa Juni ndi Julayi, pamodzi ndi ludzu. Mtengo waukuru muuleke osauthirira monga masabata 5 kapena 6, kufikira masamba ayamba kupindika masana. Pamenepo uthirireni kokwanira, osalekanso, ndipo maluwa adzatuluka. Kamtengo kakang'ono musakatere ai.

Kwa womezanitsa yekha nditi, diso likagwira, dulani nsonga ya ndimu pamwamba pache, pakuti nsonga itumiza pansi timadzi tina, auxin, togonetsa maso onse a m'munsi. Ndipo mphukira iri yonse yotuluka pansi pa chomezanitsacho muithyole ikali yanthete. Mukaileka idzalanda chakudya chonse, ndipo pakutha zaka zitatu mudzathyola mandimu pa mtengo umene munaugula ngati lalanje.