Makanda 15 omwe adaimitsa katemera

Mu Ogasiti 1998, boma la America lidavomereza RotaShield, katemera woyamba wa rotavirus, kachilombo kotsekula ana m'mimba mpaka madzi kutha m'thupi. Chaka chisanathe, kudabwera malipoti a makanda 15 omwe matumbo awo adalowana atalandira madontho a katemerayo. Thumbo limalowa m'kati mwa linzake ngati mkono wa malaya wopindikira m'kati. Mwana amakuwa atakunga miyendo, amasanza, mwina n'kuchita chimbudzi cha magazi. Mu Julayi 1999 bungwe loona zaumoyo ku America la CDC lidati katemerayo ayambe waima, ndipo mu Okutobala kampani ya Wyeth idamuchotsa pamsika.

Akatswiri atawerengetsera, vutoli linkagwira mwana mmodzi mwa pafupifupi 10,000. Mkangano udabuka pomwepo.

Ku America rotavirus inkapha ana osafika 100 pachaka, choncho kuimitsa katemerayo kudali kwanzeru. Koma padziko lonse inkapha ana pafupifupi theka la miliyoni, ambiri a ku Africa ndi ku Asia. Charles Weijer adalemba m'magazini ya BMJ mu 2000 kuti m'maiko osauka phindu la katemerayo likadaposa kuopsa kwake. Lone Simonsen ndi anzake adaonetsanso kuti ambiri mwa odwalawo adalandira madontho oyamba atapitirira miyezi itatu. Koma ena sadagonje, ndipo mfundo yawo idali yolemera: kumudzi kopanda dokotala wa opaleshoni, matumbo akalowana ndi maliro. Nanga ndi nduna iti ikadaimirira pamaso pa amayi n'kuwapatsa chomwe America idakana?

Chowawa n'chakuti mbali zonse zinkanena zoona, uku ana akufa kwa zaka zisanu ndi ziwiri zodikira.

Komabe kutsutsanako kudakhwimitsa kafukufuku. Akatemera atsopano, Rotarix ndi RotaTeq, omwe adadza mu 2006, adayesedwa pa makanda oposa 60,000 aliyense, makamaka pofufuza vuto la matumbo lomwelo. Rotarix adayesedwanso ku Blantyre ndi ku South Africa, ndipo kusikelo za m'Malawi adafika mu Okutobala 2012. Ofufuza sadagone ngakhale apo. Adalondola makanda a matumbo olowana m'zipatala za maiko asanu ndi awiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo mu 2018 adalengeza kuti sadapeze umboni woti Rotarix amachulukitsa vutoli kuno.