Mphunzitsi wa mawa asaope sosholoje

Nditawauza akulu a mpingo ena kwathu kuti pambali pa maphunziro a uphunzitsi ndasankha sosholoje kukhala phunziro langa lachiwiri, anayamba akhala chete. Kenako anati, "Mwanawe, usamale. Ambiri amene analemba mabuku amenewo sankapemphera."

Bambo aja sananame. Auguste Comte wa ku France, amene anatchukitsa dzina la phunziroli m'zaka za m'ma 1830, ankafuna chipembedzo chopanda Mulungu. Karl Marx naye ankaona chipembedzo ngati mankhwala ogonetsa osauka. Komabe ine ndikuti mphunzitsi wa Chiadiventi ali ndi zifukwa zabwino zophunzirira sosholoje.

Ndinaphunzira pasekondale ya mpingo yogonera komweko. Lachisanu dzuwa likamalowa tonse tinali m'tchalitchi, ndipo ndinkaganiza kuti dziko lonse lili choncho. Nditalemba mayeso a Fomu 4, ndinakathandiza kuphunzitsa papulaimale ina kumudzi. Mtsikana wina wa Sitandade 7 ankajomba Lachiwiri lililonse. Ndinati ndi ulesi, n'kumupatsa chibalo chosesa. Patapita milungu ndinamva kuti Lachiwiri ndi tsiku la msika, ndipo iye ndiye ankakagulitsa tomato chifukwa mayi ake ankadwala. Nditatsegula rejisitala, ndinapeza kuti sanali yekha. Safunsa anadya phula, ndipo chibalo chija chimandichititsa manyazi mpaka lero.

C. Wright Mills, m'buku lake la 1959, anasiyanitsa vuto la munthu mmodzi ndi vuto la mudzi wonse. Mwana mmodzi akajomba, funsani za pakhomo pawo. Akamajomba ambiri tsiku limodzimodzi, funsani za msika, ganyu, chinamwali kapena mtunda wofikira kusukulu. Chimodzimodzi kalasi ya ana odzaza mpaka pakhomo. Ili ndi mbiri yake: boma litachotsa fizi ya kupulaimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, koma zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke mofanana. Wosadziwa zimenezi amangokalipira ana.

Mpingo nawo ungapindule. Mu 1897 Émile Durkheim anaonetsa kuti kudzipha kumachepa kumene anthu ali omangika pamodzi m'banja ndi m'chipembedzo. Masiku ano, pamene nkhani za achinyamata odzipha zikumveka kawirikawiri, tiyenera kuona kuti Pathfinder, Adorika ndi makalasi a Sukulu ya Sabata si zongodzazira pulogalamu. Ndi zingwe zimene zimagwira munthu asanagwe. Nanga mnyamata amene wasiya kubwera Masabata atatu, ndani wakamuona?

Sindikunena kuti timeze zonse. Sosholoje ingakuuzeni chifukwa chimene anthu amachitira zinthu, koma siingakuuzeni chimene chili choyera pamaso pa Mulungu. Danieli anaphunzira nzeru za Ababulo zaka zitatu. Chimene anakana ndi chakudya cha mfumu, osati maphunzirowo, ndipo anatuluka akupempherabe.

Ambiri a ife tikamaliza pano tidzatumizidwa kumasekondale oyendera a m'midzi, kumene tidzaphunzitse ana a Asilamu, a Akatolika ndi a m'mabanja a gule wamkulu. Sitingawathandize tisanawamvetse. Choncho kwa anzanga amene simunasankhe phunziro lachiwiri, liganizireni ili. Ndipo kwa inu makolo ndi akulu a mpingo, musatiletse. Tikabwera ku holide, tikhazikeni pansi mutifunse zimene tawerenga, ndipo titsegulire limodzi Baibulo.