Tisawotche Alonda a M'munda Mwathu

Anzanga, ndani mwa ife sanaonepo chimanga chitagona pansi chifukwa cha chiswe? Kwathu zinatichitikira pa ng'amba ya 2024. Mvula itadula, chiswe chinalowa ku mizu n'kukwera m'mapesi, ndipo chimanga chochepa chomwe chinabereka chinayamba kugwa tisanakolole. Ufa unatha msanga, ndipo ndalama ya fizi yanga inapita kogula chakudya.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa: kodi chiswe chilibe adani? Chili nawo, koma timawapha ndi ife tomwe.

Mukatembenuza mwala kapena mulu wa mapesi, mumaona zikumbu zakuda zamiyendo italiitali zikuthawa liwiro la mtondo wadooka. Zina ndi zazikulu, zamawanga oyera, siziuluka, ndipo ukaziputa zimathira madzi owawa m'maso. N'chifukwa chake ambirife tikangoziona timaziponda. Komatu zikumbuzi sizidya chimanga. Chakudya chake ndi tizilombo tinzake, monga chiswe ndi mbozi. Zambiri zimabisala masana n'kumasaka usiku, ife tili mtulo. Ndi alonda osalipidwa, pamodzi ndi nyerere ndi akangaude.

Nanga ife timawathokoza bwanji? Mu Ogasiti ndi Seputembala timayatsa moto m'minda posaka mbewa kapena pososa. Mapesi apsa, alonda asowa pobisala, ena apsera momwemo. Koma chiswe chili phee pansi m'chulu, moto osachikhudza. Chimanga chikakula, chiswe chimapeza munda wopanda mlonda, wopandanso zinyalala zouma zoti chidye. Ndiye chidya chiyani? Chimanga chathu basi.

Ndikudziwa ena munena kuti kuphimbira nthaka ndi mapesi kumaitana chiswe. Agogo anganso amatero. Zoona, chimabwera, koma chimakonda zouma, ndipo chikamadya mapesiwo chimawasandutsa chonde. Sindikunena kuti zikumbu zingathetse chulu chonse, ayi. Zimangochepetsa. Koma mankhwala ndi odula, ndiponso akathiridwa mwachisawawa amapha mdani ndi mlonda yemwe.

Pempho langa nali. Holide ikubwerayi, pemphani makolo mizere khumi yokha. Musawotche, yalani mapesi. Pokolola muwerenge chimanga chomwe chagwa pamenepo, mufanizire ndi pomwe panawotchedwa, mudzatiuze pabolodi pompano. Agriculture tisamangolowezera mayeso a MSCE.

Ndipo anyamata anzanga a mbewa, kumbani ndi khasu kapena tcherani misampha, machesi asiyeni kunyumba.

Wophunzira wa Fomu 3